Uinjiniya wafika pakhomo ku Thyolo, koma sunabwere wonse

Mwezi wa Januwale, mvula ikakhazikika, fakitale ya tiyi ku Thyolo sigona. Mathirakitala amalowa motsatizana atasenza masamba amene amayi ndi abambo akhala akuthyola kuyambira mbandakucha, ndipo masamba amenewo sadikira mawa. Amawayala pa mawaya ataliatali, mafani akuluakulu n'kumapemerera mphepo chapansi kwa maola oposa khumi mpaka afote. Akafota amapita m'makina odula ndi kupotokola. Akatuluka m'menemo ali obiriwira ndi onyowa, amawasiya kuti apitidwe mpweya mpaka asanduke ofiirira, kenako amalowa m'chowumitsira chotentha kuposa madzi owira. Kutenthako kumachokera ku boyila imene imameza nkhuni za bulugamu usana ndi usiku. Pa makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi pamatuluka kilogalamu imodzi yokha ya tiyi wouma.

Magetsi akathima ntchito ili mkati, jenereta n'kuchedwa kulira, tiyi wa tsiku limenelo watsika kale mtengo asanafike n'komwe ku okushoni ya ku Limbe. Lamba akaduka, mota ikapsa, boyila ikayamba kutaya nthunzi, manijala ndi kapitawo onse amafunsa chimodzi: injiniya ali kuti?

Mwana wokulira m'makomboni a ku Satemwa, Naming'omba, Makandi kapena Makwasa amamuona munthu ameneyu akudutsa pa galimoto ya kampani, chipewa cholimba chili kumutu. N'chifukwa chake aphunzitsi akafunsa m'kalasi za ntchito imene aliyense akuifuna, uinjiniya suchedwa kutchulidwa. Ndipo kuyambira 2014 mwanayo ali ndi poloza chala, pakuti m'boma lake lomwelo, ku Ndata, kuli sukulu yaukachenjede ya Malawi University of Science and Technology, imene aliyense amangoti MUST.

Apa m'pamene ana ambiri ndi makolo awo amasokonezekera. Amayesa kuti uinjiniya ndi chinthu chimodzi, ndipo poti sukulu yake yafika pakhomo, nkhani yatha. Chikhalirecho injiniya wa makina ndi wa magetsi, amene amayendetsa fakitale ya tiyi ija, kwawo kwenikweni ndi ku MUBAS, pa Chichiri mumzinda wa Blantyre. Wa milatho ndi misewu nayenso ndi wa komweko. Wa mthirira amasulidwa ku LUANAR, pa Bunda. Amene akufuna kusankha bwino ayenera kuyamba wadzifunsa chimene akufuna kudzamanga kapena kudzakonza, dzina la sukulu libwere pambuyo.

Malo amene pali MUST anali mbali ya munda wa Pulezidenti Bingu wa Mutharika, yemwe anapereka malowo kuti pamangidwe sukulu. Ndalama zomangira, pafupifupi madola a ku America 80 miliyoni, zinali ngongole yochokera ku China. Bingu mwini wake sanaione sukuluyi ikutsegulidwa. Anamwalira mu Epulo 2012 n'kuikidwa ku Ndata komweko, ndipo lamulo lokhazikitsa sukuluyi linabwera mu Disembala chaka chomwecho. Ophunzira oyamba analowa mu 2014, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho mng'ono wake, Pulezidenti Peter Mutharika, anaitsegulira. Mwambo woyamba wopereka madigiri unachitika mu 2019. Ndiye kuti injiniya wamkulu koposa wochokera ku Ndata sanakwanitsebe zaka khumi ali pantchito.

Mndandanda wa maphunziro a uinjiniya ku MUST, omwe ali pansi pa nthambi yotchedwa Malawi Institute of Technology, umaonetsa kuti sukuluyi inalunjika pa mipata imene dziko linali nayo. Kuli chemical engineering, kuli metallurgy and materials, kuli biomedical, manufacturing komanso textile engineering. Mayina amenewa mwana wa ku Masambanjati kapena ku Thekerani amakumana nawo koyamba pa fomu yofunsira malo, ndipo kawirikawiri palibe womufotokozera kuti munthu wotere amadzuka m'mawa n'kupita kuti.

Wa chemical ndi munthu wa kutentha, madzi, nthunzi ndi zosakaniza. Ndi amene amaonetsetsa kuti nzimbe zasanduka shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kuti zotsala za shugayo zasanduka ethanol, kuti miyala yasanduka simenti, soya wasanduka mafuta ophikira, madzi a mu mtsinje asanduka akumwa. Ngakhale mu fakitale ya tiyi ali ndi malo ake, chifukwa kufotetsa ndi kuumitsa masamba ndi nkhani ya chinyezi ndi kutentha, ndipo nkhuni zimene boyila imadya zingachepe ngati pali munthu wodziwa kuwerengera komwe kutenthako kukutayikira. Wa metallurgy maso ake ali ku migodi: yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga, miyala yosowa ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ya ku Songwe Hill ku Phalombe, rutile wa ku Kasiya ku Lilongwe. Wa textile akulowa m'dziko limene limalima thonje ku Chikwawa, Balaka ndi Salima koma anthu ake amavala kaunjika.

Nthambi ya biomedical ndi yofunika kuimapo pang'ono, chifukwa ambiri amaisankha akuganiza kuti ndi udokotala wolowera kukhomo lakuseri. Si udokotala ayi. Ndi uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala, ndipo chitsanzo chake chabwino chili pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwana wobadwa masiku asanakwane amavutika kupuma chifukwa mapapo ake amafwafwanyika akamatulutsa mpweya. M'mayiko olemera amamuika pa makina odula kwambiri. Ophunzira ndi aphunzitsi a Rice University ya ku America, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a pa Queens, anakonza kabokosi kotchedwa Pumani. Mkati mwake muli timapampu tating'ono topopa mpweya, paipi imodzi imapita kumphuno kwa khanda, ina imamira m'botolo la madzi. Kuya kwa madzi m'botolomo ndi kumene kumasunga mphamvu ya mpweya kuti mapapo asatsekeke, ndipo namwino akaona thovu likubwatuka amadziwa kuti zinthu zili bwino. Pumani anafalikira m'zipatala za boma m'dziko muno ndi m'mayiko ena a mu Africa. Koma makina alionse amafa, ndipo m'zipatala zambiri muli chipinda chodzaza ndi zipangizo zopatsidwa zimene zinangoima chifukwa chosowa wozikonza. Injiniya wa biomedical ntchito yake ndi imeneyo, kupanga, kuika ndi kudzutsa zipangizo. Wokonda kupima odwala akafunse ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo. Wokonda kumasula wailesi ndi tochi kuti aone zamkati, apa m'pake.

Maphunziro a biomedical amenewa amapezeka ku MUST komanso ku MUBAS.

MUBAS, kapena kuti Malawi University of Business and Applied Sciences, ndi Polytechnic yakale ija ya m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere. Inayamba mu 1965, inakhala pansi pa University of Malawi kwa zaka zoposa 50, ndipo inaima payokha mu 2021. Akuluakulu mpaka lero amangoti Poly. Uinjiniya wa zomangamanga, wa makina, wa magetsi ndi wa zamauthenga mizu yake ili kumeneko, ndipo m'zaka zapitazi anawonjezerako wa migodi ndi wa mphamvu. Ukalowa m'maofesi a ESCOM, EGENCO, Roads Authority kapena mabungwe a madzi, ambiri mwa mabwana a uinjiniya anadutsa pa Chichiri. Zimenezi zili ndi phindu limene silinalembedwe pa kalata iliyonse yoitanira ophunzira: wofunsa ntchito amapeza kuti womufunsa mafunso akudziwa aphunzitsi ake, akudziwa wekishopu imene anasuliramo zitsulo, ndipo akudziwa chimene digiriyo imatanthauza.

Ntchito ya anthu a nthambi zimenezi munthu wa ku Thyolo sachita kuuzidwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa Shire n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, dziko n'kukhala mumdima wosinthanasinthana kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Mu Malichi 2023 Freddy anagumula mapiri, anakokolola milatho ndi misewu m'maboma a kumwera, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo. Mlatho uliwonse umene unapita unasiya funso la injiniya: kodi unamangidwa poyembekezera madzi ochuluka bwanji, ndipo womangidwa m'malo mwake apirira madzi otani? Msewu wotsika kuchokera ku Thyolo kudzera ku Makwasa ndi Thekerani kulowera ku chigwa cha Shire umadutsa m'zitunda zimene zimafuna munthu wodziwa dothi, ngalande ndi konkire. Mwana amene mtima wake uli pa zimenezi asakakamire ku Ndata chifukwa choti ndi pafupi ndi kwawo.

Ku LUANAR, pa Bunda ku Lilongwe, kuli uinjiniya wa zaulimi ndi wa mthirira. Ana ambiri amaudumpha akangoona mawu oti ulimi, poganiza kuti akathera kumunda kumene akukuthawa. Kumeneko n'kulakwitsa. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira kukathirira mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, ikufuna anthu otere, ndipo maesiteti a tiyi ndi makademiya nawonso akudalira madamu ndi mapampu pamene mvula yasiya kudalirika. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a magetsi a dzuwa, mphepo ndi madzi, pa nthawi imene minda ya magetsi a dzuwa yaima kale ku Salima ndi ku Golomoti.

Sukulu zomwe si zaboma ziliponso, zina za mipingo, zina za anthu wamba. Pa zimenezi chenjezo ndi limodzi koma lolemera. Bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, limavomereza sukulu payokha ndiponso maphunziro aliwonse paokha. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa, koma digiri yake ya uinjiniya isanavomerezedwe. Kholo lisanagulitse ng'ombe kapena kutenga katapila, lione mndandanda wa NCHE ndi maso ake, ndipo likaone wekishopu ya sukuluyo. Uinjiniya suphunziridwa pa bolodi ndi choko basi.

Komabe zonsezi ndi nkhani za munthu amene wafika poti asankhe. Chowawa n'choti ana ambiri a ku Thyolo amakhala atasankhiridwa kale asanaione n'komwe fomu ya NCHE, ndipo kusankhako kumachitikira pakhomo la Fomu 3.

Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, Chingerezi chili momwemo. Pa mayesowa 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa. Koma uinjiniya suyang'ana mapointi onse pamodzi okha. Umafuna masamu, fizikisi ndi kemisitiri, ndipo poti ofuna ndi ambiri kuposa malo, kirediti ya 6 pa masamu kawirikawiri siifikitsa munthu patali. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi okongola ochokera ku Chichewa, Bible Knowledge, Agriculture ndi Social Studies, mudzi wonse n'kumuimbira nthungululu, koma khomo la uinjiniya lili lotseka chifukwa anasiya fizikisi ali ndi zaka 15.

Nthawi zambiri sikuti anachita kufuna. Ana ochuluka a m'midzi ndi m'makomboni amapita ku sekondale zoyendera za CDSS, ndipo zambiri mwa izo zilibe labotale, zina zilibe mphunzitsi wa fizikisi kapena wa kemisitiri amene anaphunzira phunzirolo mokwanira. Mwana amaloweza kuti asidi akakumana ndi chakuti mtundu umasintha, koma sanaonepo ukusintha. Amajambula waya ndi batire m'kope, osagwirapo mita yoyezera magetsi. Anzake akamuuza kuti sayansi imagwetsa mapointi, amaithawa n'kutenga maphunziro amene akuona kuti akhoza. Palibe amene amamuuza kuti tsiku limenelo wataya uinjiniya, udokotala ndi zina zambiri nthawi imodzi. N'zomvetsa chisoni kuti mwana akhoza kumaona magetsi a ku Ndata akuwala usiku ali pakhonde la kwawo, koma sukulu yake isakumuphunzitsa zimene Ndatayo imafuna.

Ndipo kukhala wa ku Thyolo sikupereka mwayi wapadera. Kale, m'nthawi ya kota, boma lililonse linkasungiridwa malo angapo ku yunivesite, koma dongosololi linathetsedwa mu 2020. MUST ndi sukulu ya dziko lonse. Mwana wa ku Goliati, pafupi ndi Ndata, akupikisana ndi wa ku Marymount ku Mzuzu, wa ku Dedza Government, wa ku Likuni ndi wa ku Blantyre Secondary, ndipo wosankha saona kuti wina amachita kuyenda wapansi kukafika pageti.

Kwa amene wadutsa mpata umenewu, fomu nayo ili ndi misampha yake. Masiku ano kufunsira malo ku mayunivesite a boma kumachitikira pamodzi kudzera ku NCHE, ndipo ambiri amalemba pa intaneti. Wa kumudzi amakwera kabaza kupita ku Luchenza, ku Bvumbwe kapena pa boma, n'kukakhala kumbuyo kwa mnyamata wa pa kafe. Mzere ndi wautali, netiweki ikudukaduka, ndalama ya mayendedwe ndi ya tsiku lomwelo. Mnyamata uja akufunsa kuti tilembe chiyani poyamba, ndipo mwana amatchula dzina limene analimvapo kwa mnzake. Zaka zisanu za moyo wake ndi ntchito ya moyo wonse zimagamulidwa m'mphindi zochepa, ngati munthu wogula mbewu poona kukongola kwa thumba, osafunsa ngati ikugwirizana ndi dothi la kwawo.

Fomu imeneyi imayenera kulembedwa kaye pa pepala, kunyumba, sabata isanafike yopita ku kafe. Mndandanda wa maphunziro umasintha chaka ndi chaka, pakuti sukulu zimawonjezera atsopano, choncho wofunika ndi wa chaka chimenecho, osati umene mchimwene anagwiritsa ntchito. Pa phunziro lililonse pamalembedwa zimene likufuna, ndipo kulemba limene sukukwanira ndi kutaya mpata. Kudzaza mipata yonse ndi maphunziro amene aliyense akuwathamangira n'kuika mazira pangozi yosafunika: wofuna za magetsi akhoza kuika za mphamvu kapena za zamauthenga pambuyo pake, wofuna civil akhoza kuikaponso mthirira, wofuna makina akhoza kuika manufacturing. Ndi nthambi zoyandikana, ndipo munthu akayamba ntchito malire ake sakhala olimba monga amaonekera pa fomu.

Nanga pakati pa Ndata ndi Chichiri, pa maphunziro amene akupezeka konsekonse, munthu atsamire kuti? Yankho lachilungamo n'loti kulikonse kuli zake. Ku Ndata nyumba ndi zatsopano, malo ndi aphee, zosokoneza n'zochepa, ndipo mwana wa ku Thyolo akhoza kufika kwawo pakagwa zovuta osataya ndalama zambiri. Koma mafakitale ali kutali, ndipo nthambi zina za kumeneko zikudikira migodi ndi makampani amene akadali m'mapulani. Wosankha metallurgy kapena textile alowe akudziwa kuti akubetcherana ndi tsogolo, kuti mwina adzayamba ndi ntchito imene si ya digiri yake, kapena adzayenera kuyambitsa yekha kanthu. Ku Chichiri wophunzira ali pafupi ndi Ginnery Corner, Makata ndi Chirimba, kumene angagogode pakhomo la kampani wapansi pofuna atachimenti. Mtengo wake ndi moyo wa m'tauni: malo ogona pasukulu sakwanira, ambiri amachita lendi ku Chitawira, Nkolokosa, Zingwangwa kapena Ndirande, ndipo chilichonse, kuyambira makala mpaka madzi, chimafuna ndalama.

Amene angauze munthu zoona ndi ophunzira a chaka chachinayi ndi chachisanu, ndipo sasowa, pakuti pa tchuthi amabwera m'midzi momwemu. Afunsidwe molunjika. Makina a mu labotale akugwira ntchito kapena angokutidwa ndi nsalu? Pa makina amodzi mumaima anthu angati? Atachimenti munaipeza bwanji, ndipo munagwira zitsulo kapena munkangotumidwa kufotokopa? Amene anamaliza chaka chatha ali kuti? Mayankho a mafunso amenewa amanena zambiri kuposa chithunzi cha geti.

Nkhani ya ndalama siingazembedwe. Digiri ya uinjiniya ku MUST ndi ku MUBAS imatenga zaka zisanu, pomwe madigiri ambiri amatenga zinayi. Chaka chowonjezeracho ndi fizi, chakudya, malo ogona, ndiponso laputopu yotha kunyamula mapulogalamu ojambulira mapulani. Kwa banja limene limadalira kuthyola tiyi, kumene ntchito imachuluka nthawi ya mvula n'kuchepa m'chilimwe, umenewu ndi mtolo weniweni. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limapereka ngongole kwa ophunzira osowa, koma ngongoleyo sibwera yokha ndi kalata yosankhidwa. Imafunsiridwa padera, ili ndi tsiku lotsekera, ndipo imabwezedwa munthu akayamba ntchito kuti ena apezenso. MUST ili ndi thumba lake lothandiza ophunzira ovutika, ndipo makampani ena amalipirira ana ochita bwino. Zonsezi zimapita kwa amene wafunsa msanga. Mwana amene wangokhala chete ndi manyazi amapezeka wabwerera kumudzi chaka chachiwiri, nzeru zili m'mutu.

Ku Thyolo nkhaniyi imalemera mwapadera chifukwa cha malo. Minda yabwino yambiri ili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, Satemwa yokha inayamba mu 1923, ndipo anthu ndi ochuluka pa kadera kochepa. Makolo ambiri alibe munda woti agawire ana onse. Mwana mmodzi akapita ku yunivesite, banja lonse limamangira chiyembekezo pa iyeyo, n'chifukwa chake kusankha molakwika kumapweteka anthu ambiri kuposa wosankhayo.

Pali chinanso chimene ana ambiri samva mpaka atavala gauni. Digiri payokha siipanga munthu kukhala injiniya wovomerezeka. Pansi pa lamulo la 2019, bungwe la Malawi Engineering Institution ndi limene limalembetsa mainjiniya. Womaliza sukulu amalembetsa kaye ngati wongotuluka kumene, amagwira ntchito zaka zingapo pansi pa wodziwa, kenako amayesedwa asanaloledwe kusainira mapulani m'dzina lake. Choncho ntchito yoyamba yabwino si ya malipiro ambiri yokha, komanso imene ili ndi injiniya wamkulu wofunitsitsa kuphunzitsa. Wolota zodzagwira ntchito kunja adziwenso kuti mayiko ena, monga South Africa, ali mumgwirizano wa Washington Accord umene umachititsa kuti azilemekezerana madigiri a uinjiniya, ndipo digiri yochokera kunja kwa mgwirizanowu imayamba yaunikidwa payokha.

Amene sanasankhidwe asaone ngati dziko latha. Fakitale ya tiyi ija imakhala ndi injiniya mmodzi kapena awiri, koma amakaniko, owotcherera, a magetsi ndi osula zitsulo ndi ambiri, ndipo popanda iwo injiniyayo ndi munthu wa mapepala chabe. Sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, monga Soche ku Limbe ndi Nasawa, zatulutsa amisiri amene lero ali ndi mawekishopu awo ndipo amalemba anzawo ntchito. Wa dipuloma akhoza kudzalowa ku yunivesite pambuyo pake ngati wophunzira wamkulu, ndipo amafika kumeneko manja atazolowera kale sipanala. Kubwereza Fomu 4 kuti ukonze masamu ndi fizikisi nakonso si chamanyazi.

Kwa atsikana msewu ndi wokwera kwambiri. M'minda ya tiyi amayi ali ponseponse, koma m'chipinda cha boyila ndi mu wekishopu saoneka kawirikawiri, ndipo mtsikana akanena kuti akufuna za makina sipalephera wina womuuza kuti imeneyo ndi ntchito ya amuna. Womuuzayo adziwe kuti MUST yatsogoleredwapo ndi Pulofesa Address Malata, MUBAS ndi mayi Nancy Chitera, ndipo Pulofesa Theresa Mkandawire, injiniya wa zomangamanga, anatsogolerapo nthambi yonse ya uinjiniya ku Poly. MUST imachititsanso misasa ya sayansi ya atsikana a kusekondale, kumene ena amagwira zipangizo za mu labotale koyamba m'moyo wawo. Mtsikana wa Fomu 2 amene amakhoza masamu asachotsedwe m'kalasi ya fizikisi ndi mawu a azakhali kapena a mnyamata wokhala naye desiki.

Maesiteti nawo ali ndi mbali yawo, ndipo si yodula. Ena amathandiza kale kumanga midadada ya sukulu ndi zipatala zazing'ono m'madera owazungulira. Chotsatira chikhale labotale ndi nyumba ya mphunzitsi wa sayansi pa CDSS yoyandikana nawo. Chilimwe, makina akamamasulidwa kuti akonzedwe, geti la fakitale likhoza kutsegulidwa tsiku limodzi kuti ana a Fomu 1 ndi 2 aone mkati mwa giyabokosi, amve kuchokera kwa injiniya mwini wake kuti anaphunzira chiyani ndipo anaphunzirira kuti. Ophunzira a ku Ndata amene amavutika kupeza atachimenti ali pa mtunda wochepa chabe kuchokera ku maboyila ndi zowumitsira zimene zikufuna maso atsopano. MUST nayo ikhoza kumatsegula malabotale ake Loweruka kwa ana a masekondale oyizungulira, kuti mwana wa ku Goliati asadzalembe mayeso a kemisitiri asanagwirepo botolo loyesera.

Koma zimenezo zidikira misonkhano ya akuluakulu. Kholo limene lili ndi mwana ku Fomu 2 lisadikire. Teremu ikubwerayi pitani kwa a hedi mukafunse ngati fizikisi ndi kemisitiri zimaphunzitsidwa mpaka Fomu 4, amene amaphunzitsa ndi ndani, komanso ngati ana amachitako zoyesera ndi manja. Yankho likakhala losakhutiritsa, yambani kufunafuna transifa kapena mphunzitsi wapadera mwanayo asanalowe Fomu 3.